Mboni Khumi za Bambo Woyetsemula

Lolemba

Pali chiwembu. Ndikulemba kuti zinthu zikadzavuta pakhale umboni woti ndinachiona chikubwera.

Dzulo masana, titachoka ku Misa, Tereza anandionetsa filimu kunyumba kwake. Zaka zisanu ndi ziwiri tili pachibwenzi, zimene ndaonerapo pa TV yake ndi makwaya okhaokha. Dzulo filimu. Yachikondi. Yoseketsa, akuti.

Nkhani yake ndi iyi: mzungu wina wa tayi ali ndi chibwenzi kwa zaka zisanu. Mkazi wabwino, wa mano oyera, woweta galu. Koma bamboyo akangoona mphete amayetsemula. Akamva belu la tchalitchi amayetsemula. Tsiku lina ali ku lesitilanti, mkazi akuyamba nkhani ya ukwati, iye akuti ndikubwera, akulowa m'chimbudzi, akutulukira pazenera. Kumapeto mkazi watopa, wakwera sitima, bambo akuithamangitsa mvula ili pamsana, mphete ili m'manja, anthu onse pasiteshoni akuwomba m'manja. Yathera pomwepo.

Womasulira filimuyi m'Chichewa, mkulu wa mawu a m'mphuno uja, wamupatsa bamboyo dzina loti a Mawa.

Zokayikitsa:

1. Thobwa anandithirira m'kapu ya alendo, ya maluwa ija. Ine wa kapu ya pulasitiki chiyambire!
2. Mkulu wake wa Tereza, a Agnesi, anafika filimu ikungoyamba, n'kukhala pakhomo penipeni. Potulukira.
3. A Mawa akukwera pazenera, womasulira anati: "Amuna otere aliponso ku Balaka." Za Balaka anamuuza ndani?
4. Filimu isanayambe Tereza analankhula zinazake zazitali. Sindinamve bwino, chifukwa maso ndi makutu zinali panja, kuona ngati kukubweranso wina wovala jekete la unkhoswe. Ndinangoti eya, eya.
5. Pondiperekeza anati: "Loweruka mubwere m'mawa, timalize nkhani ija."

Nkhani ija!

Ndisanamiziridwe. Tereza ndimamukonda. Ndi mphunzitsi wa sitandade folo, amayimba m'kwaya, sananditukwanepo, ndipo nditagwa ndi malungo chaka chatha ndiye anandikweza pakabaza mpaka kuchipatala, iye akuyenda pambali atandigwira malaya. Ukwati sindinaukane. Ndimangoti tione kaye. Kuona kaye ndi mlandu?

Pulani ndi iyi. Filimuyi ikuonetsedwanso kwa Che Amidu kumsika, tauni yonse yaionera. Ine ndili ndi babashopu kuseri kwa depoti, ndipo aliyense wa tsitsi amakhala pampando wanga. Ndipeza anthu khumi onena kuti a Mawa sanalakwitse kudikira. Ndiwalemba m'kope. Loweruka Tereza akangoti "mwaona zimene zinamuchitikira mnzanu uja," ine nditulutsa kope. Munthu sangatsutsane ndi anthu khumi.

Mboni yoyamba ndaipeza lero lomwe: Fanuelo wakabaza. Makina ali kuseri kwa khutu lake, wati: "A Mawa anachita bwino, bwana. Ukwati si wothamangira."

Mmodzi!

Nditamuchotsa nsalu, atafika pakhomo, watembenuka: "Koma akanakhala mlamu wanga ndikanamuponda ndi njinga."

Lamulo: ndikuwerenga zonenedwa pampando zokha.

Lachiwiri

Makasitomala asanu ndi mmodzi m'mawa wonse. Onse aionera. Onse ali ndi maganizo. Sindinkadziwa kuti pa Balaka pali akatswiri a ukwati ochuluka chonchi.

A Matewere, sajeni wopuma wa polisi, abwera kudzachepetsa ndevu. Ndawafunsa mwaulemu. Ayankha maso ali chotseka: "Munthu wotulukira pazenera ndi wakuba, ngakhale sanatenge kanthu." Ndati nanga akanatulukira pakhomo? Ati: "Pamenepo ndi wamantha chabe. Mantha tilibe nawo gawo m'malamulo." Sindikudziwa kuti ndiwalembe mbali iti. Ndawasiya pakati.

Mkulu wina wa ku ofesi ya zaulimi akuti iye chimene chinamupweteka ndi nkhuku imene anaisiya patebulo osaidya. Za chikondi alibe nazo mawu.

Awiri akuti a Mawa ndi chitsiru. Mmodzi akuti analodzedwa ndi chibwenzi chakale, kuyetsemula koteroko si kwa chimfine. Wachisanu ndi chimodzi wagona ndisanamalize funso.

Abiti Saidi, amene amagulitsa mandasi pakhonde langa, sindinawafunse n'komwe. Angosuzumira pakhomo: "Wopusa ndi mkaziyo. Zaka zisanu! Ngakhale mbuzi imatafuna chingwe." Atatero andiyang'ana. Nthawi yaitali. Kenaka andipatsa ndasi laulere.

Zaka zonsezi Abiti sanandipatsepo ndasi laulere. Ndani wawatuma?

Komabe a Mawa sanawadzudzule. Ndawalemba theka, poti sanali pampando.

Cha m'ma folo koloko ndamuona Tereza akuchoka ku golosale ya pakona atasenza makatoni opanda kanthu. Ambiri, omangidwa ndi chingwe. Wandibayibitsa akumwetulira ngati munthu wosalakwa. Makatoni! Ndinaona pachinkhoswe cha msuweni wanga: mbale, mapoto, mabeseni, zonse zimene anthu amabweretsa amalongedza m'makatoni. Ndiye kuti afika kale pokonzekera mphatso, mwini wake ndisanavomere.

Ndabayibitsanso. Munthu usamaonetse kuti wadziwa.

Mboni mpaka pano: mmodzi ndi theka.

Lachitatu

Ndatseka shopu masana kukafufuza gwero la filimu.

Che Amidu ndawapeza akukonza mabenchi m'chinyumba chawo cha kanema. Ndafunsa mozungulira kuti filimu ya a Mawa inabwera ndi ndani. Ati inabwera pa fulashi kuchokera ku Limbe pamodzi ndi zakarate zisanu. Ndati palibe mayi wina, mwina mphunzitsi, amene anaipempha? Ati: "Ngwamba, ayi! Wallahi, ine ndimaonetsa zimene anthu akufuna." Ndati nanga womasulira anatchuliranji Balaka? Ati mu ya karate anatchula Ntcheu, mu ina anatchula Liwonde, amangotola.

Ayankha mofulumira kwambiri. Munthu wosakonzekera amayamba waganiza kaye.

Maganizo awo pa a Mawa sindinawapemphe koma andipatsa: "Ife ndowa, ukwati wathu wa Chisilamu, ndi masana amodzi. Shehe, mboni, tiyi, basi mwakwatira. Inu mumachita kulengeza milungu itatu m'tchalitchi, kufunsa ngati alipo woletsa. Mukamuopseza munthu choncho alekerenji kuyetsemula?"

Zimenezi zikumveka ngati akugwirizana nane. Koma sanali pampando. Lamulo ndi lamulo. Ndayesa kuwauza kuti tsitsi lawo lakula, avula kofia: mutu uli mbee ngati dzira.

Ndalowa kuonera ya thu koloko, kuti ndimve anthu pamene sakudziwa kuti akumvedwa. Ndakhala benchi lakumbuyo, kope pabondo. Zimene ndalemba mumdimamo:

"Mayi, musiyeni ameneyo, tengani wa taxi uja!"

"Galu yekha ndiye ali ndi nzeru m'nyumba imeneyi."

"Azungu alibe ankhoswe, n'chifukwa chake."

"Taonani nsapato zake, munthu wothawa savala zotere."

"Ikanakhala sitima ya malasha sakanaigwira."

Amayi atatu a kutsogolo analira pa sitima paja, kenaka anaseka, kenaka mmodzi anati: "Mwezi umodzi athawanso ameneyu." Ndinafuna kumulemba ngati mboni koma sindikudziwa ngati akuyamikira.

Choipitsitsa: a Mawa atakweza mwendo pazenera, wina mumdima wakuwa kuti, "Ometa tsitsi aja awo!" Chinyumba chonse phwaa kuseka. Ndawerama ngati ndikumanga nsapato. Ndavala masilipasi.

Mawuwo akufanana ndi a Fanuelo. Mboni yanga yoyamba!

Komanso pamene mphete inatuluka ndayetsemula. Kawiri. Ndi fumbi. M'chinyumba chimenecho sasesa. Ndikulemba pano kuti zidziwike: NDI FUMBI.

Chinthu chimodzi chimene sindinachione Lamulungu: pamene a Mawa ali m'chimbudzi, mkazi uja amakhala yekha patebulo, akukonzakonza foloko ya mnzake kuti ikhale mowongoka. Palibe anaseka pamenepo.  Sindikudziwa chifukwa chake ndikulemba zimenezi, si umboni wa mbali iliyonse.

Lachinayi

Magetsi azima ndili pakati pa mutu wa mphunzitsi wa sekondale, a Chimombo. Mbali imodzi yometa, ina nkhalango. Ali ndi kalasi ikatha buleki.

Ndawafunsa za a Mawa ndili ndi sizasi m'manja. Ati: "Zilizonse zimene mukufuna, akulu, ingomalizani." Ndati ndiye kuti a Mawa anachita bwino? Ati: "Bwino kwambiri. Ngwazi. Dulani uku." Asayina ndi dzanja lawo.

Awiri ndi theka! Ndipo uyu ndi wophunzira.

Chisangalalo sichinakhalitse. Cha m'ma leveni alowa a Katekisiti.

Zokayikitsa:

1. A Katekisiti amameta Loweruka lomaliza la mwezi. Lero ndi Lachinayi.
2. Tsitsi lawo ndi lowerengeka, ndipo ndinalimeta posachedwapa.
3. Magetsi kulibe, koma ati adikira.

Akhala pabenchi ola lathunthu akuwerenga nyuzipepala yanga yakale. Ndawafunsa za filimu kuti ndione pamene aima. Ati saonera zotero, koma amva kwa amayi a m'mphakati kuti ili ndi phunziro. Phunziro! Kenaka apinda nyuzi, apumira m'mwamba, ati: "Kwaya imusowa Tereza. Alito ngati ameneyu sapezeka wamba. Koma nanga titani, nthawi ikakwana yakwana."

Ndatsala pang'ono kudzidula chala.

Imusowa chifukwa chiyani? Yankho ndi limodzi: akakwatiwa achoka m'kwaya ya achinyamata, alowa ya amayi. Ndiye kuti mpingo wonse ukudziwa. Mwina ndi tsiku lomwe analemba kale pakalendala ya ku parishi. Ndati, mozizira ndithu, "Tiona, a Katekisiti." Andiyang'ana modabwa: "Muona chiyani? Kalata inabwera kale."

KALATA! Ya ndani? Ya bambo mfumu? Ya kwawo ku Utale? Munthu angalemberedwe kalata ya ukwati iye osadziwa?

Magetsi atayaka sanametenso. Ati anangofuna pobisala dzuwa.

Madzulo ndadutsa dala kunyumba kwa Tereza pa njinga, osaima. Makatani onse achotsedwa m'mazenera. Akuchapa. Munthu amachapa makatani onse nthawi imodzi pokhapokha kukubwera alendo aakulu.

Ndayesa kukumbukira zimene ananena Lamulungu filimu isanayambe. Ndikukumbuka mawu akuti "Machinga" ndi akuti "nyumba". Ku Machinga kuli amalume ake ena? Nyumba yake iti? Yoti ndikamange kwawo, ndikhale mkamwini, ndizidzuka ndi khasu? Ine wa makina?

Ndikanatha kumuimbira n'kufunsa. Koma kufunsa ndiye kulowa mumsampha ndi miyendo yonse.

Lachisanu

Tsiku loipa.

M'mawa, ku depoti: Tereza waima ndi dalaivala wa lole ya buluu, akuloza uku, akuloza uku, dalaivala akugwedeza mutu. Lole! Yonyamula anthu a kumudzi kubwera nawo kuchinkhoswe, ndi ng'oma zomwe. Ndabisala kuseri kwa minibasi ya ku Zomba mpaka kondakitala wandikankhira mkati. Ndatsika movutikira.

Kenaka mboni zayamba kugwa.

Fanuelo wabwera kuti ndimufufute. Mkazi wake wamva kuti anayamikira a Mawa, ndipo kuyambira Lachitatu akudya ndiwo zopanda mchere. Ndamufunsa ngati ndi iye anakuwa kwa Che Amidu. Wati: "Ine mawu anga si otero, bwana." Sindinamuuze kuti anakuwa chiyani.

A Chimombo abwera kuti ndiwawongolere za dzulo. Ana akuwatcha dzina latsopano. Aona kope, apempha peni, alemba pansi pa sayini yawo: "Ndinakakamizidwa."

Abiti Saidi amva kuti ndinawalemba theka. Akuti iwo si theka la munthu, ndiwafufute kapena ndiwalembe athunthu kumbali ya mkazi.

Ziro.

A Agnesi adutsa kudzabwereka chingwe cha sisalo chimene ndimamangira chikwangwani. Ndawafunsa maganizo awo pa filimu, ndikuwayang'ana m'maso. Ati: "Ine ndinakonda galu uja basi." Pochoka ati: "Mawa mubwere mutadya, alamu. Ntchito ilipo." Alamu! Kale ankangoti akulu.

Cha kumadzulo ndapeza mboni yeniyeni, yosakakamiza. A Jumbe, amene amakonza maambulera pafupi ndi chigayo. Akhala pampando, ndisanatsegule pakamwa ayamba okha: "Ndamva mukufuna anthu a a Mawa. Lembani ine. Mwamuna uja analakwitsa malo amodzi okha, pothamangitsa sitima. Ine ndathawa akazi anayi. Wina ndinamusiya tsiku la chinkhoswe lenilenilo, nkhuku zitaphedwa kale."

Ndalemba mosangalala. Apitiriza: "Panopa ndili pa ufulu. Ndikadwala ndimadziphikira ndekha phala, ndikalephera ndimangogona. Palibe wondisokosa. Mwezi wa Juni ndinagona masiku anayi, palibe ngakhale mmodzi anagogoda."

Anena akuseka. Ndikuwameta m'khosi ndaona kuti kolala ya malaya awo anaisoka ndi waya wa ambulera.

Atamaliza andigwira phewa: "Ine ndi inu ndife amodzi."

 Ndasesa tsitsi lawo kawiri ngakhale pansi panayera kale.

Mboni: mmodzi. Sindikufuna kumuwerenga pamaso pa Tereza.

Komabe mawa ndi mawa. Ndakonza zoti ndikanene, ndayeserera pagalasi la shopu:

1. Ukwati ndi chinthu chachikulu.
2. Chinthu chachikulu sachinyamula mothamanga.
3. Mafilimu ndi a azungu.
4. Tione kaye.

Pa nambala folo ngakhale wa m'galasi sanakhutire.

Loweruka

Ndavala malaya oyera, osati abwino kwambiri, kuti asaganize kuti ndavomera. Kope m'thumba. Ndadya.

Pakhomo pa Tereza palibe njinga za alendo. Palibe jekete. Palibe nkhuku yomangidwa mwendo. Ndalowa.

M'nyumba mulibe kanthu. Makatoni mpaka kudenga, olembedwa ndi choko: MABUKU, MAPOTO, ZA KWAYA. Matiresi apindidwa, amangidwa ndi chingwe changa. Tereza ali ndi duku, akukulunga matambula m'nyuzipepala. Wati: "Mwafika bwino, yambani ndi bedi. Sipanala ili pawindo."

Ndafunsa kuti chikuchitika n'chiyani. Waleka kukulunga.

Amusamutsa. Akukaphunzitsa pa sukulu ina ku Machinga Boma, nyumba anamupatsa kale, lole ibwera Lolemba m'mawa. Kalata inafika masabata awiri apitawo. Anandiuza zonsezi Lamulungu, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, anandifunsanso kuti ndikuona bwanji, apite kapena akapemphe kuti amusiye pa Balaka. Akuti ndinayankha kuti: "Eya, eya, zili bwino."

Ndakhala pa katoni ya MABUKU.

Ndafunsabe, poti wofufuza amafunsa mpaka kumapeto:

Kapu ya alendo? Zinazo anali atalongedza kale.

A Agnesi pakhomo? M'nyumba munkatentha.

Filimu? Chimbale cha kwaya chinakalika, a Agnesi anali atamusiyira imeneyo pa fulashi. Tereza akuti anagona pakati, anadzuka sitima ikunyamuka.

Palibe anatuma Abiti. Palibe anatuma a Katekisiti. Sabata yonse palibe ndi mmodzi yemwe amene amafuna kundikwatitsa.

Ndimayenera kusangalala. Ndadikira kuti chisangalalocho chibwere. Sichinabwere.

Powerama kuti ndimasule bedi, kope lagwa. Walitola. Wawerenga zonse ataima, kuyambira Fanuelo mpaka a Jumbe, ndi mfundo zinayi zomwe. Poyamba amaseka mpaka kugwira khoma. Pa "ndinakakamizidwa" waitana a Agnesi kuti adzamve. Atafika kumapeto waleka kuseka. Watseka kope, wandibwezera ndi manja awiri ngati ndine mlendo.

"Mwafunsa tauni yonse. Ine simunandifunse."

Ndati chabwino, inuyo filimu ija munaiona bwanji?

"Mbali imene ndinaonayo, mkazi uja analakwitsa kusuzumira pawindo la sitima. Ukakwera wakwera."

Ndati nanga ife?

"Ife chiyani? Machinga si ku Joni, minibasi zilipo. Koma musaganize kuti ndizikakhala pamsewu kuyang'ana amene akutsika. Ndatha zaka zisanu ndi ziwiri ndikuyang'ana, maso atopa."

Sanakweze mawu. Akanakalipa bwenzi zili bwino, ndikanadziwa poyankha. Wangobwerera ku matambula ake.

Tsiku lonse ndamasula bedi, ndamanga makatoni, ndazula misomali ya makalendala. Ndapeza chipewa changa chimene chinasowa chaka chatha, kuseri kwa shelefu. Wandifunsa ngati ndichitenge kapena achiike m'katoni. Funso laling'ono. Ndaima nacho m'manja mpaka a Agnesi anditsomphola n'kuchiponya pawindo: "Chikhale apo mpaka muganize."

Lamulungu

Misa yoyamba, kenaka minibasi ziwiri mpaka pa Ulongwe, kwa amalume anga. Palibe wandituma. Ndikulemba kuti zidziwike, ngakhale sindikudziwanso kuti adziwe ndani.

Ndawapeza pa sikelo yawo m'mbali mwa msewu, akugula nandolo. Andisiya ndiime mpaka athane ndi amayi awiri. Filimu sanaionere, ati ndiwafotokozere. Ndafotokoza yonse, mphete, zenera, sitima. Amvetsera akutokosa m'mano.

"Mzunguyo amalume ake anali kuti?"

Ndati munalibe amalume.

"Ndiye vuto lake limenelo."

Ndalimba mtima, ndati ndabwera kuti mwina, ngati ali ndi mpata, nthawi ina, akaonekere kwa akwawo a Tereza ku Utale. Sanadabwe, sanasangalale. Ati jekete lilipo, anagula nditangowaonetsa mtsikanayo, panopa mabatani sakumananso koma avala chotsegula. Kenaka:

"Mwini wake wavomera?"

Ndati ndiye kuti, kunena zoona, sitinafike penipeni pamenepo.

"Wamufunsa?"

Ndayang'ana sikelo.

"Ndiye ine ndikanene chiyani kwa eni mbumba? Kuti mwana wa mlongo wanga akuganizabe, ndabwera kudzakudziwitsani? Pita ukafunse. Akakana usabwerenso kuno ndi nkhani za mafilimu. Akavomera undiimbire, ndichape jekete."

Akazi awo andipatsa chinangwa chophika cha panjira, ati: "Akakukanani musadabwe, bambo. Ine ndikanakana."

Pobwerera ndakhala mpando wakumbuyo pakati pa thumba la nandolo ndi mayi wa nkhuku ziwiri. Palibe amene amakamba za a Mawa. Anthu ayamba kale za filimu ina, ya munthu wosanduka njoka.

Ndadutsa kwa Tereza dzuwa lisanalowe. Zonse zamangidwa, kwatsala kabati yaikulu ya mbale, ya mtengo wa mlombwa, imene inalowa m'nyumbamo ndi amuna anayi. Mawa tilipo awiri, ine ndi dalaivala. Tereza wati iye azititsogolera pakhomo kuti tisaswe galasi. Wandiuza nthawi: sikisi koloko, osati sikisi ya ometa.

Ndinafuna kufunsa pomwepo. Pakamwa panatseguka ndithu. Panatuluka zoti kodi chingwe chikwana.

Basi. Ndadzidziwa tsopano. Ndikakhala ndi miyendo yomasuka sindidzafunsa mpaka Yesu adzabwere. Ndiye ndifunsa mawa, kabati ili pamsana, titafika pakati pa chitseko, dalaivala ali kumbuyo, Tereza ali kutsogolo. Pamenepo munthu sungabwerere, sungathawe, sungayike pansi.

Akhoza kukana. Akakana, kabati ndiyenerabe kuifikitsa pa lole.